Magalasi atsopano akungotsetsereka pamphuno: vuto ndi maso kapena felemu?

Funso: Ndine mayi wa zaka 47, ndimasoka zovala ku Area 25. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwiritsa ntchito magalasi owerengera amene ndinagula kwa mavenda m'tauni, ndipo ankandithandiza kulowetsa ulusi pasingano. Mwezi watha mwana wanga ananditengera kokayezetsa maso, n'kundipangitsira magalasi oonera kutali ndi pafupi pamodzi. Felemu ndinasankha ndekha, yaikulu, yokongola zedi. Koma chiyambire kuwavala mutu ukumandiwawa, ndikawerama pamakina amatsetsereka, ndipo ndikamatsika masitepe pansi pamaoneka ngati pakuyenda. Anzanga akuti magalasi amapha maso. Kodi ndiwasiye? Nanga felemu yoyenera munthu amaidziwa bwanji, ndipo woyeza maso wabwino mu Lilongwe muno ndingamuzindikire bwanji?

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, magalasi sapha maso. Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse m'chipinda chimene ndimayezeramo anthu, ndipo ndikudziwa kumene amachokera. Munthu akalowa zaka za m'ma 40, kagalasi kachilengedwe kamene kali m'kati mwa diso kamayamba kuuma, moti sikapindikanso bwino kuti kaone zapafupi. Kuumako kumapitirira pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 60, kaya munthu avale magalasi kaya asavale. Ndiye amene anayamba ndi magalasi a mphamvu ya +1.00 akadzapezeka kuti pano akufunika +2.00, amaloza chala magalasi, chonsecho wolakwa ndi zaka. Komanso ubongo ukalawa kuona bwino sufunanso chimbuuzi chimene unazolowera kale. N'chifukwa chake mukavula magalasi mumamva ngati maso aipiraipira.

Madandaulo anu atatuwa akuloza malo amodzi. Mwina muyeso wa maso anu ndi wolondola ndithu, koma malenziwo sakukhala pamene anayenera kukhala.

Magalasi amene anakupangiraniwo timawatcha progressive. Mbali ya kumtunda ndi yoonera kutali, ya kumunsi ndi yoonera pafupi, ndipo pakati pali kanjira kopapatiza kamene mphamvu imasinthiramo pang'onopang'ono. M'mbali mwa kanjirako zinthu zimaoneka zopindika, ndipo palibe lenzi ya mtundu umenewu imene ilibe mbali zimenezi, ngakhale yodula motani. Zili ngati kanjira kodutsa m'munda wa chimanga: mukayenda pakati muli bwino, mukangophonya pang'ono masamba akukwapulani kumaso. Tsono kuti diso liziyenda pakati pa kanjirako, lenzi iyenera kudulidwa molingana ndi pamene mwana wa diso lanu ali, ndipo felemu iyenera kukhala pamalo amodzimodzi tsiku lonse. Felemu ikatsika ndi mamilimita 4 kapena 5 okha, mbali yoonera pafupi yathawira pansi. Inu mumayamba kukweza chibwano kuti muipeze singano, khosi limatopa, maso amalimbana, madzulo mutu uli waa.

Za masitepezo ndi zodziwika kwa aliyense woyamba kuvala progressive. Mukayang'ana pansi ndi maso okha, mukuonera mbali yowerengera, imene inapangidwira zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 40, osati mapazi anu. Weramitsani mutu wonse kuti muonere kumtunda kwa lenzi. Anthu ambiri amazolowera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma inu mwezi wakwana. Pamenepo sindingakuuzeninso kuti dikirani. Bwererani kumene anakupangiraniko.

Tsopano za felemu. Inu ndinu telala, ndiye zimenezi sizikhala zachilendo kwa inu. Kasitomala akabwera ndi nsalu yokongola bwanji, simuidula musanamuyeze. Ku magalasi anthu amachita zosemphana: amalowa m'shopu, amathamangira kukalirole, asankha felemu, kenako ndiye akukayezetsa. Yambani ndi muyeso wa maso, chifukwa ndi umene umanena mafelemu amene angatheke. Munthu amene saona kutali, amene pepala lake lili ndi nambala ngati -5.00, lenzi yake imakhala yopyapyala pakati, yochindikala m'mphepete. Akasankha felemu yaikulu, m'mphepetemo mumachindikala ngati pansi pa botolo, magalasi n'kulemera, n'kumangogwera kutsogolo. Felemu yocheperako imadula mbali yochindikalayo n'kuitaya. Mafelemu aakulu amene ali m'fasho masiku ano ndi okongoladi, sindikukana, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Vulani magalasi anuwo muyang'ane m'kati mwa kamwendo kopita kukhutu. Mupeza timanambala tating'ono, mwachitsanzo 52, kabokosi, 18, kenako 140. Zonsezo ndi mamilimita. Yoyamba ndi kutambalala kwa lenzi imodzi, yachiwiri ndi mpata wa pamphuno, yachitatu ndi kutalika kwa kamwendoko. Ngati muli ndi magalasi akale amene ankakukhalani bwino, manambala ake ndi poyambira pabwino. Koma musawakhulupirire kwambiri, monga mmene saizi 38 ya diresi ina simafanana ndi 38 ya ina.

Pamene pamagona nkhani yonse ndi pamphuno. Kulemera kwambiri kwa magalasi kumatsamira pamenepo. Mafelemu ochuluka amene amafika kuno anapangidwa poganizira mphuno zazitali ndi zopyapyala pakati pa maso. Ambiri a ife mphuno zathu pamenepo ndi zotambalala ndi zotsika, masaya ali okwera. Felemu ya pulasitiki yopanda topondera pamphuno imasowa pogwira, ndiye imatsika mpaka kukatsamira pamasaya. Onjezanipo thukuta la mu Okutobala ndi mafuta odzola kumaso, basi yasanduka katsetsereko. Ndikuganiza kuti felemu yanu ndi ya mtundu umenewu. Kwa munthu wogwira ntchito chowerama ngati inu, ine ndimakonda felemu yokhala ndi timapadi tiwiri tofewa ta pamphuno, tokhala pa tiwaya. Timeneto timatheka kupinda, kutalikitsa kapena kufupikitsa mpaka felemu itakhala pamene ikufunika. Ya pulasitiki yopanda timapadi ikakana mphuno yanu m'shopu, yakana basi, palibe chimene ndingaichite.

Mukavala felemu poyesa, musangoima chilili pakalirole. Sekani, kuseka kwenikweni. Ikakwera ndi masaya, ibwezeni. Weramani ngati mukutola singano pansi, pukusani mutu pang'ono. Ikasuntha, ibwezeni, pokhapokha wogulitsayo atakusonyezani pomwepo kuti akhoza kuikonza. Phethirani, muone ngati nsidze sizikukhudza galasi. Kenako yang'anani pamene maso anu ali: mwana wa diso azikhala chapakati pa lenzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndi chakumtunda pang'ono. Maso akaoneka ngati akukankhana cha kumphuno, felemuyo ndi yaikulu kwa inu. Timiyendo tizipita molunjika kumakutu osakanikiza m'mbali mwa mutu. Anthu ambiri amaganiza kuti felemu yothina m'mbali ndiyo sigwa, koma zoona zake n'zakuti yothinayo imadzikankha yokha kupita kutsogolo, n'kusiya mizere m'mutu. Chimene chimagwira magalasi ndi kupindika kwa kamwendo kuseri kwa khutu, ndipo kupindikako kuyambire pamwamba penipeni pa khutu. Pa progressive onjezani chinthu china: felemu ikhale ndi msinkhu wokwanira, mamilimita pafupifupi 30 kuchokera pamwamba kufika pansi, kuti mbali yowerengera isadulidwe.

Zoti nkhope yozungulira imafuna felemu ya makona, yaitali imafuna yozungulira, mudzazimva kwa ogulitsa. Si zabodza, koma ndi nkhani ya kukongola chabe. Tengani mwana wanu akujambuleni pafoni mutavala mafelemu atatu kapena anayi, mukaone zithunzizo mutavala magalasi anu oonera, chifukwa pakalirole ndi felemu yopanda mphamvu simudziona bwino. Magalasi amakhaladi mbali ya nkhope ya munthu. John Moir wa kampani ya African Lakes anapatsidwa dzina loti Mandala chifukwa cha magalasi ake, ndipo dzinalo lidakalipo pa nyumba yakale ija ya ku Blantyre yomangidwa mu 1882. Ndiye kusankha yokongola si tchimo, bola ikhale yachiwiri pambuyo pa yokhala bwino.

Zipangizo zake ndinene mwachidule. Zitsulo zotchipa zambiri zimakhala ndi nickel, ndipo zikakumana ndi thukuta zimachita zobiriwira pa timapadi, ena mpaka khungu kuyabwa ndi kuda kuseri kwa makutu. Titanium ndi yopepuka, sichita dzimbiri, koma ndi yodula ndipo ikathyoka ndi yovuta kuwotcherera. Pulasitiki yabwino ya acetate imapindika ikatenthetsedwa, choncho imakonzeka. Kugula felemu kumsika kapena pakaunjika n'kupita nayo kuti akaikemo malenzi n'kololeka, ndipo ndaikapo malenzi m'mafelemu otere ambirimbiri. Ingoonetsetsani kuti pulasitiki yake sinayambe kutuwa ndi kuuma, chifukwa yotere imasweka poikamo lenzi, komanso kuti si magalasi a dzuwa opindika kwambiri mozungulira nkhope. Ipititseni kaye aione musanataye ndalama zambiri.

Za magalasi a kwa mavenda aja, sindikudzudzulani. Kwa munthu amene maso ake onse awiri ndi ofanana ndipo vuto lake ndi kuona pafupi kokha, amathandiza, ndipo sawononga diso. Kuperewera kwawo n'kwakuti mphamvu ndi imodzi mbali zonse, mpata wa pakati pa malenzi ndi wongoyerekeza, ndipo sakonza vuto la diso limene m'malo mozungulira ngati mpira lili ngati dzira, limene papepala timalemba pansi pa CYL ndi AXIS. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi china. Munthu akapeza owerengera pamsewu, amatha zaka 10 osaonedwa m'kati mwa diso. Matenda a glaucoma amadya mtsempha wa diso mwakachetechete, osawawa, kuyambira m'mbali, ndipo amagwira kwambiri anthu akuda kuyambira zaka ngati zanuzi. Chimene chatayika sichibwerera. Shuga ndi BP nazonso zimaonekera m'kati mwa diso. Choncho mwana wanu anachita bwino kukutengerani koyezetsa.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lomaliza. Anthu onse ovala gauni yoyera m'shopu ya magalasi timawatcha adokotala, koma ntchito zawo n'zosiyana. Pali dokotala wa maso amene amachiza matenda ndi kuchita opaleshoni monga ya ng'ala. Pali ma clinical officer a maso, amene ndi msana wa chithandizo cha maso m'zipatala za boma. Pali optometrist, amene amayeza maso, kulemba muyeso wa magalasi ndi kufufuza matenda. Kuno kwathu amaphunzira ku Mzuzu University, pamene Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa ma technician a ntchito yomweyi. Ndiye pali wodula malenzi ndi kukonza mafelemu, komanso wogulitsa chabe. Woyeza maso ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo si mwano kufunsa kuti muone satifiketi yake. Wolembetsedwa sakwiya ndi funso limenelo. Kukakhala kuti vuto si la magalasi lokha, ku Kamuzu Central Hospital kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First, ndipo chipatala cha Nkhoma nachonso chimadziwika kwambiri pa nkhani ya maso, makamaka opaleshoni ya ng'ala.

Mashopu a magalasi achuluka masiku ano, ku Old Town, ku City Centre, m'mamolo, ndipo sinditchula ndi imodzi yomwe. Kuwala kwa shopu sikunena kanthu. Yang'anani zimene akuchita nanu.

Wabwino amayamba ndi mafunso. Mumagwira ntchito yanji? Mumadwala shuga? Kwanu alipo anachita khungu? Akanakufunsani za ntchito yanu, n'kutheka kuti akanakuuzani zimene ndikuuzeni panozi: progressive si magalasi abwino kwenikweni osokera. Mbali yake yoonera pafupi ndi yopapatiza, pamene inu mumafuna kuona nsalu yonse patebulo, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Telala amapindula ndi magalasi apadera oonera pafupi pokha, okhala pamakina pomwepo, ndipo ndi otchipa kuposa progressive. Enawo muzivala popita kutchalitchi, kumsika kapena pokambirana ndi makasitomala.

Wabwino satha nanu m'mphindi 5. Makina aja oyang'anamo kanyumba kapena chibaluni amangopereka poyambira. Pambuyo pake ayenera kukuikani felemu yoyesera, kusintha malenzi akufunsa kuti apa ndi apa pabwino ndi pati, diso lililonse palokha, kenako onse pamodzi. Ayang'ane m'kati mwa diso ndi tochi yake, ndipo pa msinkhu wanu ayeze mphamvu ya madzi a m'diso kapena akutumizeni kumene angayeze. Akamaliza akupatseni pepala la muyeso wanu, lokhala ndi deti. Muyesowo ndi wanu, mwaulipira. Amene amakana kupereka pepala pokhapokha mutagula magalasi kwa iye, ameneyo akuopa mitengo ya anzake.

Ndiye pali kachinthu kamene kamasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wogulitsa chabe. Mukasankha felemu, ayenera kuyamba waikonza kuti ikukhaleni, kenako akhale moyang'anizana nanu, maso ake pa msinkhu umodzi ndi anu, atenge cholembera n'kuika kadontho pagalasi pamene pali mwana wa diso lililonse. Ayezenso mpata wa pakati pa maso anu, umene timautcha PD. Kwa akuluakulu ambiri umakhala cha m'ma 60 mamilimita, koma mphuno sikhala pakatikati penipeni kwa aliyense, ndiye pa progressive timayeza diso lililonse palokha. Kodi inu anakuikani madontho amenewa? Ngati simukukumbuka munthu akukulozani ndi cholembera kumaso, gwero la mutu wanuwo mwina ndi limenelo.

Ndikunena izi ndikudziwa, chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Nditangoyamba ntchito kunabwera bambo wina woyendetsa galimoto, wamfupi, ndipo ndinamuika madontho iye atakhala, ine nditaimirira chowerama, pofulumira kuti mzere unali wautali. Madonthowo anakwera. Patapita masiku 4 anabweranso atakwiya, akuti zikwangwani za pamsewu wa M1 akuziona pokhapokha atagwetsa chibwano pachifuwa ngati mbuzi yofuna kugunda. Muyeso unali wolondola, malenzi anali abwino, koma kanjira kaja kanayambira pamwamba pa diso lake. Tinapanganso malenzi ena, iye osalipira kanthu. Chiyambire tsiku limenelo ndimakoka mpando kaye.

Pa tsiku lokatenga magalasi, asangokupatsani m'kabokosi ngati buledi. Akuvekeni, ayang'ane kuseri kwa makutu, apinde pofunika kupinda, akupatseni chowerenga, akuyendetseni pang'ono. Musanalipire funsani kuti magalasi akakana adzachita chiyani, ndipo mpaka masiku angati. Ngati muli pa sikimu ya chipatala monga MASM, dziwiranitu malire a ndalama za magalasi musanayambe kukonda felemu. Pa zowonjezera zimene amakopa nazo anthu, chophimba chochotsa kunyezimira ndi chothandizadi, makamaka kwa oyendetsa galimoto usiku. Malenzi osintha mtundu padzuwa ndi abwino kwa oyenda panja, koma dziwani kuti m'galimoto sada kwenikweni, chifukwa galasi la kutsogolo limatsekereza kuwala kumene kumawadetsa. Aja otchedwa blue cut, oti amateteza maso ku foni ndi kompyuta, ine sindiwakakamiza munthu: a bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana mu 2023 sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso. Ndalama imeneyo kuli bwino ipite ku felemu yolimba.

Fumbi la Lilongwe la mu Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi mdani wa malenzi. Mukawapukuta ouma ndi nsonga ya chitenje, ndiye kuti mukuwakwecha ndi mchenga. Atsukeni kaye ndi madzi ozizira, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako kansalu kake kofewa. Musawasiye pafupi ndi mbaula kapena ayironi yanu yositira, ngakhale kutsogolo kwa galimoto padzuwa, chifukwa kutentha kumang'amba chophimba chija n'kuoneka ngati ukonde wa kangaude. Vulani ndi manja awiri, ndipo musawakweze pamutu pamwamba pa duku, timiyendo timatanuka. Kasikulu kakamasuka pitani akamange, ambiri salipiritsa n'komwe. Guluu wa supa ndiye ayi. Ndalandirapo mafelemu ambiri amene akanakonzeka pa mphindi ziwiri akanapanda kumatidwa.

Tsono chitani izi sabata ino. Bwererani ku shopuko ndi magalasiwo, lisiti ndi pepala la muyeso. Musangonena kuti sakundiyanja. Auzeni zitatu zimene mwandiuzazi, mmene mwandiuziramu. Lenzi iliyonse ya progressive ili ndi tizizindikiro tiwiri tosaoneka bwino, totalikirana mamilimita 34, timene mungatione mutaiyang'anitsa kowala. Kuchokera pa timeneto wodziwa ntchito amatha kujambulanso malo enieni amene mwana wa diso amayenera kukhala, n'kukuvekani kuti aone ngati zikugwirizana. Apempheni achite zimenezo inu mukuona, ayezenso mphamvu ya malenziwo pamakina awo n'kuyerekeza ndi pepala. Ngati kusiyana kuli kochepa, kupinda timiyendo kungathetse nkhani yonse tsiku lomwelo. Ngati felemuyo ikukana mphuno yanu, kambiranani zosintha, podziwa kuti malenzi odulidwa kale kawirikawiri salowa bwino mu felemu ina. Akakana kukumverani, pitani nazo zonse kwa woyeza maso wina akaone.

Musananyamuke, khalani pamakina anu mmene mumakhalira posoka, wina atenge tepi yanu yoyezera ija ayeze kuchokera padiso kufika pasingano, ndiponso kuchokera padiso kufika patebulo lodulira nsalu. Lembani manambala awiriwo papepala mupite nawo, pamodzi ndi singano ndi ulusi wakuda woti mukayesere pomwepo.